Nyuzipepala ya Sisitere Kevi Pakati pa Vitumbuwa

Ndinachoka ku Chelstone Loweruka m'mawa mtima uli m'mwamba. Sisitere Kevi, amene timaphunzitsa nawo ku Woodlands, anachokera ku mapiri a Nagaland ku India. Anandipatsa nyuzipepala yakale ya m'chinenero chawo cha Tenyidie kuti amuna anga ayiike m'fulemu. Patsamba loyamba panali chithunzi cha malemu bambo awo, mmodzi wa amene anaiyambitsa pamene anthu ankaseka kuti chinenero cha kumudzi sichingadzaze pepala tsiku ndi tsiku. Sisitere analibe ina.

Koma kwathu nyuzipepala zakale ndi za amake Mwansa, ogulitsa vitumbuwa ku Kabwata. Mlamu wanga, munthu waukhondo wopitirira muyeso, anali atawapatsa mtolo wonse, ya Sisitere ili momwemo.

M'minibasi yopita ku tauni anandipanikiza pakati pa thumba la makala ndi bambo wonenepa. Kondakitala anatenga K15 yanga n'kundiyang'ana.

"Ba mami, mwalwala?"

"Nifuna nyuzi ya ku India."

"Yanga foni ili na nyuzi zonse," anatero bambo uja.

Ku tauni ndinasintha basi, ndipo dzuwa lili pamutu ndinafika ku Kabwata. Amake Mwansa anali pakati pa malonda pamene ndinawafunsa za nyuzipepala ija.

"Ija yosabelengeka? Naiyamba kale. Makasitomala aikonda, ilibe nkhani za ndale."

Masamba a m'kati anali atapita. Loyamba linali m'manja mwa wapolisi wina, litakulunga vitumbuwa vitatu. Sindinapemphepo wapolisi kanthu moyo wanga wonse, koma tsikulo ndinagwada. Iye anadya mosafulumira, ine ndikuyang'ana mafuta akufalikira pa chipumi cha bambo a Sisitere.

Atamaliza anandipatsa pepalalo, ndipo ndinafika nalo ku Woodlands mwamanyazi. Sisitere anatambasula pepalalo pathebulo n'kuyamba kuseka.

"Kwathunso timatero. M'mawa timawerenga, madzulo timakulungira nsomba zouma. Bambo ankakondwa nazo, ati ndiye kuti yalowa m'nyumba iliyonse."

Ndinapuma. Ulendo wonse ndinkaganiza kuti nyuzipepala imalemekezeka ikakhala m'galasi.

Kenako anasiya kuseka. Anasisita nkhope yonyezimira mafutayo ndi chala.

"Ankalakalaka kudzandiona kuno, koma sanathe. Muike m'fulemu momwemu, musapukute. Afika, ndipo adya."