Madzi Otentha a Mayi Simbi

Anthu amawatchula kuti Mayi Simbi chifukwa ntchito yawo ndi kusita zovala pamalo ochapira, kuseri kwa siteji ya basi. Tsiku lonse amakhala chiimire, makolala a anthu ena akuwongoka, msana wawo ukupindika. Munthu wotere mukanati kunyumba amasamba madzi ofunda. Ayi ndithu.

Kunyumbako thanki ya madzi otentha inali yaing'ono, ndipo mzere wa kubafa unali ndi lamulo lake: amuna awo poyamba, kenako ana opita kusukulu, kenako alamu amene anabwera kudzafuna ntchito n'kumera mizu. Mayi Simbi ankalowa pomaliza, atathana ndi tiyi ndi mbale, n'kupeza madzi ozizira ngati mphuno ya galu. Zaka zonsezo palibe anafunsapo. Zochititsa manyazi.

Thankiyo itayamba kudontha, iwo anakana kugula ina. Anazungulira masitolo, kufunsa mpaka ogulitsa kutopa nawo, nasankha kabokosi kopanda thanki, kotenthetsa madzi pomwe akudutsa.

"Awa satha, mayi," anatero pulambala pokamangirira kukhoma. "Kungoti wina akamasamba, musamatsegule mpope wotentha wa kukhitchini. Mphamvu yake ndi ya mpope umodzi, wosambayo azizidwa."

Kusathako ndiye kunawapweteka. Kale madzi akazizira, munthu ankatuluka yekha. Tsopano chomutulutsa panalibe. Amuna awo anayamba kumetera ndevu momwemo. Mwana wamkazi ankatsuka tsitsi mosathamanga. Alamu ankaimba nyimbo ndime zonse, n'kubwerezanso kolasi. Mwini chinthucho, amene anachigula ndi thukuta lake, ankangosukusula pasinki n'kuthamangira basi. Bola ozizira aja, ankasambako.

M'mawa wina Mayi Simbi anagogoda kubafa, thaulo lili paphewa.

"Pepani bambo, nthawi yanditheratu."

"Si munati madziwa satha, mayi? Ndiye mukuthamangira chiyani?"

Mayi Simbi anaima pakhomopo, nthunzi ikutuluka kunsi kwa chitseko n'kumawafunditsa zala za kumapazi. Gawo lawo linali lomwelo basi. Mtima unawira. Analowa kukhitchini, natsegula mpope wotentha mpaka kumapeto.

Kubafa kunamveka mfuu. Amuna awo anatuluka akunjenjemera, sopo ali kukhutu.

"Chafa chinthu chanuchi! Madzi ake ngati a mufiriji!"

Ana ndi alamu, amene anali pamzere ndi mathaulo awo, anabwerera m'mbuyo. Palibe anafuna kukhala wotsatira. Mayi Simbi anatseka mpope uja mwakachetechete, napukuta manja, natuluka m'khitchinimo.

"Ngati chafa, ndilowe ine. Ozizira ndinawazolowera."

Mukuganiza kuti alipo anachita manyazi? Ngakhale mmodzi. Alipo anati, mayi dikirani, tikuikireni madzi pamoto? Olo. Anawapatsa njira mwaulemu wonse, alamu mpaka kuwatsegulira chitseko.

Mayi Simbi anakhoma chitseko, natsegula shawa. Madzi otentha anagwera pamsana pomwe paja simbi inapapinda, ndipo iwo anangoima, manja atatsamira khoma, sopo osamugwira n'komwe. Misozi inabwera, ya mkwiyo yeniyeni, madzi n'kupita nayo.

Patapita kanthawi amuna awo anagogoda.

"Mayi, simunazizidwe kokwanira? Nanga tiyi?"

"Ndikusamba," anayankha Mayi Simbi, ndipo apa m'pomwe anatola sopo.