Mkazi wa ku Mulanje Amene Kunalibe

Azungu a tiyi atathawa ku Milange, ntchito inathawa nawo. Ndinakhala miyezi isanu ndikungoyang'ana mimba ya mkazi wanga Anjelina ikukula, kenako ndinati basi, ndikuwoloka malire kupita ku Malawi. Ndinadutsa pa Muloza ndi malaya awiri, n'kukapeza ntchito yophika kwa manijala wa esiteti ina ku Mulanje.

Kuphika sikunandivute. Chinkandivuta ndi Lamulungu masana, uli phee m'kachipinda ka kuseri, wolankhula naye palibe. Dona wa panyumbapo, nkhalamba ya nyamakazi m'zala, ankaluka mashawelo opyapyala a timabowo ngati ukonde. Poyamba ndinkangomugwirira ulusi. Tsiku lina anandipatsa singano. Mzere woyamba ndinaluka moseka, wachiwiri mokwiya, pofika Khirisimasi zinali zitandilowa kuposa mowa. Malukidwe ake ndinkawakopera mu kaderno, buku lolembamo masamu: kabokosi kalikonse ndi diso limodzi la ulusi, kozungulira ndi bowo, kamzere kopendekeka ndi maso awiri olukira pamodzi.

Shawelo yoyamba yooneka bwino ndinatumizira mwana wanga Zito, amene anabadwa ine kulibe. Koma mwamuna wa kwathu ku Majaua angalembe bwanji kuti ndaluka ndine? Ndinalemba kuti, "Aluka ndi mayi ena kuno." Kuyambira pamenepo makalata a Anjelina anayamba kufupika. Yomaliza inangoti mwana ali bwino, chimanga chapsa ndi dzuwa. Ine chitsiru ndinkati watopa ndi kumunda.

Patatha zaka zitatu ndinabwerera. Masiku amenewo wochokera ku Malawi ankamuyang'ana ngati wanyamula adani m'thumba, ndipo amene boma linkawatengera ku misasa ya chilango kukaphunzitsidwanso sankapatsidwa mpata wotsanzika. Pa kontorolo, pamalo osechera anthu pamsika wakwathu, amilisiya anakhuthulira chikwama changa pansi. Shefi, mkulu wawo, anatsegula kaderno ija n'kuloza tsamba lina.

"Kamarada, mizere iyi ndi misewu. Tozungulira iti ndi nyumba za ndani?"

"Ndi zolukira, shefi."

"Amaluka ndani?"

Anthu anali atatizungulira, ena oti ndinakula nawo. Pamaso pawo sindikanati ndine. Anatuma munthu kukaitana mkazi wanga, galimoto yawo ya ku Milange ili chiimire, injini osazimitsa.

Anjelina anafika Zito atamugwira chitenje. Sanandiyang'ane n'komwe. Atafunsidwa anayankha mosaphethira: "Awa saluka. Ali ndi mkazi ku Mulanje, ndiye amaluka. Anachita kulemba okha."

Mmodzi wa amilisiya aja anandigwira mkono n'kuyamba kundikokera ku galimoto. Manyazi onse anathera pomwepo.

"Ndine, mayi a Zito! Ndimaluka ndine! Kulibe mkazi!"

Singano zanga zinali m'fumbi, koma ulusi ndinalibe. Ndinapempha kuti abweretse shawelo ija. Shefi analoleza, ndipo Anjelina anapita osathamanga ngakhale pang'ono. Anabwera nayo ili m'pepala lomwe lija ndinaikulungira.

Ndinakhala pansi, ndinamasula mizere inayi ya kumapeto, n'kutolera maso pa singano. Shefi ananjuta pambali panga, chala chili pa kaderno, kabokosi ndi kabokosi. Diso limodzi linapulumuka, koma ndinalikola. Nditamaliza anaikweza shaweloyo kudzuwa n'kuwerenga timabowo. M'buku tisanu ndi tiwiri, pa ulusi tisanu ndi tiwiri. Anandiponyera kaderno pachifuwa.

"Nyamukani, amayi. Pitani kwanu."

Msika wonse unaseka, ndipo anandiseka sabata yathunthu. Kenako akazi a osekawo anayamba kubwera ndi majuzi akutha kuti ndiwamasule ndiwalukire ana, poti m'maloja munalibe kanthu. Chimene ndinachiopa zaka zitatu chinali chomwecho basi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimene ndinamva tsiku lomwelo panjira yopita kunyumba. Ndinafunsa kuti bwanji shaweloyo inali ikadali m'pepala.

"Mumafuna mwana wanga afunde za mkazi mnzanga?" anatero Anjelina, misozi ili mbwe. "Juni katatu wagona m'saka, bambo a Zito. M'saka!"

Zito anakhosomola kuseri kwa amake. Ndinagwada n'kumufunditsa, dzuwa likuswa mtengo. Anandiyang'ana ngati mlendo wa pamsika, anaivula, n'kuipereka kwa amake.