Filimu Imene Ndinazimitsa Pakati

Ayi, sindinakwiye nayo filimuyo, lemba choncho. Amayi ako aang'ono akuyesa ndinakwiya, n'chifukwa chake amulanda foni mwana wawo. Anali manyazi basi.

Iwe panalibe. Anabwera Lamulungu kuno ku Rimuka kuchokera ku Chegutu, iwowo, amuna awo, ndi mng'ono wako uja watha msinkhu chaka chino. Titadya sadza, nsima ya kunoyi, mwanayo akuti, “Gogo, bwerani muone iyi.” Waiika pa tivi. Kamtsikana ka sukulu, msinkhu wake womwewo, kamnyamata kakukanyengerera kuseri kwa kalasi. Chizungu sindimva, koma zimenezo zimafuna Chizungu? Kenaka kamtsikanako kakulira kokha m'bafa. Mdzukulu wangayo wandigwira dzanja, akufunsa m'Chishona chake chija, “Gogo, zimaterodi?”

Tsono mkamwini ali pomwepo pa sofa, akutokosa m'mano. Ine mpongozi ndiyankhule za kuchipinda pamaso pake? Kwathu sizichitika. Ndinangodzuka n'kuzula chingwe pakhoma. “Zachabechabe izi, katsuke mbale!” Mawu anatuluka aukali, ine osafuna. Mwanayo anapita osalira. Pokwera kombi yobwerera ku Chegutu sanandiyang'ane n'komwe.

Chikundiwawa n'chakuti kupulazi ku Selous ndinali namkungwi ine. Ana a eni ndalanga ambirimbiri, kuwavinira, kuwauza zonse osapsatira mawu. Wangawanga wabwera yekha, wasiya anzake onse wasankha ine, ine ndam'tuma mbale. Amayi ake sangamuuze, mayi salanga mwana wobala yekha, ntchito imeneyo ndi yanga. Tsopano akafunsa ndani? Kamnyamata?

Ukusekanji? Iwe unachita mwayi, nthawi yako panalibe mkamwini pa sofa.

Uwalembere amayi akewo kuti amubwezere foni. Mafilimu amenewa asamaonere yekha, inde, koma akamuletseratu azikaonera kwa anzake, uko kulibe wamkulu woti amugwire dzanja. Loweruka amukweze kombi. Bambo ake atsale, ndimawalemekeza kwambiri, koma atsale. Abwere nayo filimu yomweyo, tiyambire pamene ndinazulira chingwe. Iye azindimasulira Chizungucho, ine ndizimumasulira zinazo. Magetsi akathima tidzaonera pa foni.

Akakana kubwera, wokwera kombi ndine, ndi bondo langa lomweli. Uikemonso zimenezo.

Walemba zonse? Usandikonzere mawu iwe, asiye momwemo. Tumiza pompano, mwana uja asagonenso tsiku lina akuyesa kuti kufunsa agogo ake n'kulakwa.