Tinatsika Awiri mu Kheji

Ntchito ya mumgodi anandipezera ndi malume anga, omwe ankalaisha miyala pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Bindura, chakumpoto kwa Harare. Sukulu inali itandikana, ndiye ndikanakana bwanji? Anandipatsa chisoti, majombo ndi nyali ya pamutu, n'kundiika kuti ndizithandiza a Jairosi, oboola miyala ndi jekihama.

A Jairosi anali munthu wofatsa, wobadwira mukomboni ngati ine, makolo awo a ku Dedza. Ndiwo anandiphunzitsa kuti usanaboole umathira madzi pamwala kuti fumbi ligone, kenaka umagogoda denga ndi mgwala, chitsulo chachitali chotekulira miyala. Likalira ngwee ndiye kuti n'lolimba, koma likalira ngati ng'oma gwetsa kaye chofookacho. Ine ndinkagwira chitsulo choboolera kuti chisaterereke, iwo akukankha makina.

Mukomboni mulibe chinsinsi. Aliyense ankadziwa kuti a Jairosi sanakwatire, ndiponso kuti Loweruka lililonse ankapita kwa bambo wina, telala wa m'tauni. Ine pakamwa panga n'posachedwa, tsiku lina ndinawafunsa za telalayo.

"Ndi wokondedwa wanga, mphwanga," anatero. "Ukafuna kugwira ntchito ndi wina, sindikuletsa."

Sindinasinthe. Munthu amene amakugogodera denga tsiku ndi tsiku umamusiya bwanji?

Zinthu zinaipa cha m'ma 1990, pamene ngakhale pa wailesi anthu otere ankanyozedwa. Tsiku lina mwala unagwa komwe anzathu ankalaisha, n'kuthyola mwendo wa mmodzi. Ambiri a ife a m'migodi timati ngozi siibwera yokha, pali wina amene watsika ndi tsoka. M'mawa mwake gulu lathu linaima pakhomo pa kheji, chikepe chotsikira pansi chija, n'kukana kulowa.

"Ndi ngochani uyu sititsika," anatero mmodzi, kuwatukwana a Jairosi ndi dzina la Chishona lonyozera amuna okondana okhaokha.

A Jairosi analowa okha, nyali atayatsa kale. Malume anandiponyera diso loti usayerekeze. Ndinalowa basi. Ndinatembenuka kuyang'ana anzathu, ena mwa iwo ophunzitsidwa ndi a Jairosi omwewo, ndikuganiza kuti wina atsatira. Aaa, onse maso ali pa majombo awo! Belu linalira, tinatsika awiri.

Tinathira madzi, tinagogoda denga, tinaboola mabowo onse. Koma miyala ya dzulo lake inangoti mbwee, wolaisha palibe. Potuluka tinapeza kapitawo akutidikira.

"Jairosi, ntchito yako ndilibe nayo chifukwa," anatero. "Koma sindingataye gulu lonse kaamba ka munthu mmodzi."

Sabata isanathe anawachotsa, nyumba ya mukomboni anailandanso. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa basi ya ku Harare. Sanadandaule, anangondigwira phewa.

"Unachita bwino, mphwanga. Kungoti pakanalowa wachitatu, kapitawo sakanalimba mtima."

Sindinawaonenso, ndipo telala uja naye anatseka n'kusamuka. Mpaka lero zimandiwawa. Ndinaphunzira kuti kuima ndi munthu wosalidwa kumafuna anzako, ndipo anzakowo suwapeza pa tsiku la mavuto ai, umayamba kale kuwalankhula. N'chifukwa chake wina akayamba kunyoza amuna kapena akazi okondana okhaokha, kaya ndi pa mowa kaya kutchalitchi, ine sindikhala chete, anditche dzina limene akufuna. Angapo ndawatembenuza mtima, koma a Jairosi wachitatuyo sanamuone.