Tinati wadwalika

Chaka chimene madzi anatilowera m'nyumba kwa Maganga, ine ndinali m'gulu la anthu ongodzipereka kuthandiza anzathu ovutika. Ofesi tinalibe. Zonse zinkachitikira pagulu la pafoni: wina akaona nyumba yagwa ankalemba, wina akapeza ufa ankalemba, ife oyenda pansi n'kuthamangira komweko. Adimini wa gululo anali bambo wina wobadwira konkuno koma wokhala ku Lilongwe, amene matope a ku Salima ankangowaonera pafoni. Munthu ameneyo ndimadana naye, ndipo sindibisa.

Nyimbo yake inali imodzi: "Zithunzi, anthu inu! Opereka thandizo safuna nkhani, amafuna kuona." Tikamagawa zidebe, jambulani. Mayi akulira pamene panali nyumba yake, jambulani, ndipo muyandikire. Iye ankatenga zithunzizo n'kuziika pamasamba a mchezo, pansi pake n'kulemba Chizungu chambirimbiri ngati kuti ndi iye ananyowa.

Tsiku lachitatu m'mawa tinapeza mtembo m'bango, kumunsi kwa dambo. Anali msodzi wina wa m'mudzi mwathu, wa mwana mmodzi. Madzi anamukokolola akuwolotsa njinga. Mayi ake ankakhala ku Chipoka kumene ankagulitsa usipa, ndipo ankavutika ndi kuthamanga kwa magazi. Amalume ake a malemuyo anandituma kuti ndikawatenge, poti ine ndi mayiwo tinkaimba kwaya imodzi kale.

Kwathu kuno mayi sumuuza imfa ya mwana wake ali panjira. Umati wadwalika. Zoona amakazimva atafika pakhomo, atakhala pamphasa, azimayi anzake atamuzungulira kuti akagwa agwere m'manja. Ndisanakwere minibasi ndinalemba pagulu paja: "Chonde, za malemuyu zisatuluke kaye. Mayi ake sanamve." Foni inaonetsa kuti adimini wawerenga. Sanayankhe.

Ndinawapeza mayiwo akuyanika usipa pathandala.

"Amayi, mwana wanu wadwalika. Akuti mubwere."

Anasiya usipa uja. "Akudya?"

"Tiyeni mukamuone nokha, amayi."

"Ameneyo akadwala sadya kanthu koma phala la mpunga. Tandidikirani."

Ndinakhala pakhonde n'kumawaonerera akuphika. Anathiramo nsinjiro, analawa, anawonjezera shuga, kenako anatsanulira m'fulasiki yofiira. Ndinkadziwa kuti ndikuchita zoyenera.

M'minibasi tinakhala mpando wachitatu, iwo atafukata fulasiki ija pamiyendo. Titayenda pang'ono, mayi wina wa kutsogolo anayamba kudandaula akuyang'ana foni yake. "Mayo ine, taonani! Wa kwa Maganga uyu, madzi amutenga. Munthu wake wamng'ono bwanji." Anapatsira woyandikana naye, uyonso n'kupatsira wakumbuyo. Mukudziwa mmene foni imayendera m'minibasi. Ndinatambasula dzanja kuti ndiilande, koma inali itafika kale m'manja mwa mayi a malemu.

Mayiwo sadziwa kuwerenga. Sizinafunikenso. Chinali chithunzi cha mwana wawo pa tsiku la ukwati wake, atavala malaya oyera, ndipo pambali pa nkhope yake adimini anali atamatapo kandulo woyaka.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero. "Nanga kanduloyu ndi wa chiyani?"

Anatembenukira kwa ine, ine n'kuwerama.

Kulira kumene analira, dalaivala anaimitsa galimoto osauzidwa. Mayiwo anatsika, anayenda pang'ono, n'kugwera m'matope m'mbali mwa msewu, pafupi ndi njanji. Panalibe mphasa, panalibe m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Anawagwira ndi kondakitala ndi mayi wa foni uja, amenenso anali kulira n'kumapepesa. Fulasiki inagubudukira mu ngalande, ine n'kukaitola, sindikudziwa kuti ndinkaitolera chiyani.

Madzulo ake, tili pamaliro, foni yanga inalira. Anali adimini, watumiza mawu pagulu, akusangalala. Akuti chithunzi chija chafika kutali, anthu agwidwa chisoni, mabulangete akubwera. Akuti tione mphamvu ya masamba a mchezo. Ndinatuluka pasiwa, n'kumujambulira mawu anga nanenso. Ndinamuuza kuti ndi fisi wodya zakufa, ndiponso kuti tsiku limene mayi ake adzamwalire adzamve kwa kondakitala. Sindikunong'oneza bondo. Patapita kanthawi kochepa anandichotsa pagulu, ati ndilibe ulemu. Anzanga amene tinkaponda nawo matope anangokhala chete, poti mabulangete anali panjira.

Mabulangetewo anabweradi, zimenezo sindingakane, ndipo ana ena anafunda. Koma akanabwerabe ngakhale adimini akanadikira maola awiri okha, kuti mayi afike pakhomo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayi aja adimini samudziwa. Sanamuonepo, ndipo za magulu a pafoni sazitsata. Munthu amene iwo amamudziwa ndine. Patatha miyezi ingapo ndinakumana nawo pamsika ku Chipoka, ali pa usipa wawo. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Sanandipatse dzanja.

"Dziko lonse linkadziwa kuti mwana wanga wafa," anatero, "inu muli phee pakhonde panga, kundionerera ndikumuphikira phala."