Tsabola wa Doña Herlinda

Doña Herlinda Cuautle ankaphika memela, mikate ya ufa wa chimanga yootcha pachiwaya, mumsika wathu kuno ku Puebla, mkati mwenimweni, kupitirira ogulitsa nkhuku, pamene pansi sipauma. Malo anga ndi oyandikana ndi pomwe panali pawo. Ine ndimapala minga pamasamba a nopal, chomera chaminga chomwe kuno timadya ngati ndiwo, n'kumawaduladula, mwana wanga Nayeli ali kumsana kapena m'katoni pansi pa tebulo. Choncho zambiri zomwe ndikulembazi ndinaziona ndekha, zina ankandiuza tikamatsuka ziwiya.

Malowo anali a mayi awo. Chiwaya chachikulu chakuda bii chinalinso cha mayi awo, pamodzi ndi mtondo wamwala womwe ankasinjiramo tsabola. Kutsogolo kwake kunali mpando wautali wamatabwa, wokwana anthu asanu ngati akukondana. Memela zawo zinali zokhuthala, nyemba mkati, pamwamba mafuta a nkhumba, anyezi, tchizi ndi tsabola, wofiira kapena wobiriwira. Tsabolayo ndiye ankadziwika. Ukadya, mphuno zinkatseguka, ndipo makutu ankatentha mpaka masana.

Amene ankadya pampandopo anali azibambo okankha ngolo. Amayamba kutsitsa katundu m'malole kusanache, ndiye dzuwa likakwera amakhala atafooka ndi njala. Ankaimika ngolo zawo m'mphepete n'kudzikhalira, osanena kanthu, chifukwa Doña Herlinda ankadziwa kale kuti uyu safuna anyezi, uyu amafuna yopsereza m'mbali. Wamkulu wa a ngolowo anali Don Fulgencio, bambo wamfupi wa ndevu zaimvi. Iyeyu ndi amene ananyamula Efraín, mwana wa Doña Herlinda, pa ubatizo, nthawi yomwe amuna awo anali atapita kumpoto kukafuna ntchito n'kungoti zii. Munthu wotere amakhala compadre wako, iwe comadre wake, mpaka imfa. Simutchulana maina, simukwezerana mawu, ndipo akafika pako samakhala chiimire.

Koma kunyogodolana ndiye ankakudziwa.

"Comadre, lero mwasinjiramo chiyani umu, makala amoto?"

"Idyani, compadre. Mukalira epuloni ndi iyi, mupukutire."

Tsiku lililonse zinali choncho, ndipo Don Fulgencio ankamaliza n'kupukuta mbale ndi chala.

Vuto linali loti malonda ankachepa. Amayi ambiri anayamba kukagula m'masitolo akuluakulu, ndipo mkati mwathu muno anthu odutsa anachepa. Manja a Doña Herlinda nawo ankatupa m'mfundo, moti masiku ozizira ndinkawatsegulira mabotolo ndine. Efraín amayendetsa minibasi ndipo amakhala kutali, kunja kwa mzinda. Iye ankafuna mayi ake asiye ntchito akakhale naye, malowo abwereke mnyamata wina wogulitsa zikwama za mafoni. Anawauza pamaso panga kuti tsiku lomwe adzapeze mpandowo ulibe munthu adzabwera ndi galimoto. Iwo anayankha kuti pamenepo adzawachotsa ali m'bokosi. Efraín anaseka, koma mayi ake sanaseke. Munthu amene wakhala pachiwaya kuyambira ali mtsikana sadziwa kukhala pakhonde n'kumaonerera agalu. Ankaopa zimenezo kuposa matenda.

Ndiye kunabwera Braulio. Anali mnyamata waukhondo, wodziwa Chingerezi, amene ntchito yake ndi kuyendetsa alendo ochokera kunja m'misika kuti azilawa zakudya zathu. Sanali munthu woipa, ndisamunamizire. Anadya memela imodzi, misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti akufuna azibweretsa alendo ake pamenepo. Doña Herlinda anandiyang'ana ngati munthu amene wamva kuti wodwala wake watsitsimuka.

Poyamba zinkakoma. Alendo ankabwera m'magulu, zipewa kumutu, mabotolo a madzi m'manja. Braulio ankawafotokozera zinazake m'chinenero chawo, iwo n'kumagwedeza mitu, kujambula chiwaya, kujambula manja a Doña Herlinda, ena kujambula mpaka Nayeli wanga. Ankadula memela imodzi panayi n'kulawa pang'onopang'ono chifukwa kutsogolo kunali kukuwadikira zakudya zina. Doña Herlinda anagula epuloni yatsopano yamaluwa. Anamuimbira Efraín kumuuza kuti asavutike kufuna galimoto.

Kenaka mayi wina wachizungu anatsamwa ndi tsabola mpaka nkhope kufiira, anzake n'kumamupepesa. Mawa lake Braulio anabwera yekha n'kupempha mwaulemu kuti tsabola achepe mphamvu. Doña Herlinda anati asinja wa alendo payekha, koma manja sanalole. Mtondo unali umodzi, ndipo kusinja wofiira ndi wobiriwira kokha kunkawatengera m'mawa wonse. Anayamba kuchotsa njere ndi mitsempha ya tsabola n'kuchulukitsa tomato. Onse anayamba kudya yemweyo.

Azibambo a ngolo anadziwa tsiku loyamba lomwelo. Wina anafunsa ngati ndi chakudya cha Nayeli chomwe amupatsa molakwitsa. Wina anayamba kubwera ndi tsabola wake waiwisi m'thumba la malaya n'kumaluma pamaso pawo. Don Fulgencio yekha sanadandaule. Ankadya, kupukuta mbale, kuthokoza. Koma nthabwala ya makala ija inatha, chifukwa panalibenso chonyogodolerana.

Nkhani inatsala pampando. Alendo ankafika nthawi yomweyo yomwe a ngolo amapumula, ndipo malo sankakwana. Braulio anati alendo ake ena ndi achikulire, sangadye chiimire, komanso ngolo zikutseka njira ndipo zikuonekera m'zithunzi. Sananene za thukuta, koma tonse tinamva. Ndinawauza Doña Herlinda kuti apemphe mpando wachiwiri kwa ogulitsa nkhuku. Anayesa, koma a komiti ya msika anakana, akuti njirayo ndi yopapatiza kale.

Tsiku lomwe zinachitika, gulu linabwera lalikulu ndipo linafulumira. Pampando panali Don Fulgencio ndi anzake awiri. Awiriwo ataona zipewa zikubwera ananyamuka okha, mbale m'manja. Don Fulgencio anali atangoluma kawiri, ndipo mwendo wake unali ukumuvuta sabata imeneyo. Braulio anayang'ana Doña Herlinda. Iwo anayang'ana pachiwaya, kenaka n'kulankhula osadzutsa mutu.

"Compadre, mungoimirira kaye pang'ono, alendowa akhale."

Ine mpeni unaima m'manja. Don Fulgencio anaika mbale pampandopo pang'onopang'ono, memela ili theka, n'kuimirira. Anavula chipewa.

"Pepani mayi, sindinadziwe kuti pali eni ake."

Sanati comadre. Anakankha ngolo yake n'kumapita, akutsimphina. Mlendo wina anasuntha mbale ija n'kukhala, akumwetulira, chifukwa sanamve chilichonse. Alendo atapita Doña Herlinda anaitenga mbaleyo n'kuiphimba ndi nsalu, akuti abwera adzamalize. Inakhala pamenepo mpaka potseka msika.

Sanabwerenso. Anzake nawo anasiya mmodzimmodzi, chifukwa a ngolo amayenda pamodzi ngati nyerere. Anasamukira kwa Doña Casilda, amene amaphika memela pafupi ndi chipata cha malole. Zake n'zopyapyala ndipo amaumira tchizi, aliyense amadziwa, koma tsabola wake amawawa ndipo sanaimiritsepo munthu. Ndinawauza Doña Herlinda kuti apite akapepese nkhani isanazizire. Anati apita Loweruka, kenaka anati Lolemba. Ndikuganiza kuti manyazi ndi amene ankawagwira miyendo. Ankadzilimbitsa mtima ponena kuti alendo alipo, mpando sukhala wopanda munthu.

Zoona, alendo ankabwera, koma amabwera kanthawi kochepa n'kudutsa. Nthawi ina yonse Doña Herlinda ankakhala akupirikitsa ntchentche. Mvula itayamba magulu anachepa, ndipo masiku ena Braulio sankaoneka n'komwe. Ufa wokanda unkatsala, n'kumandipatsa ndikaphikire kunyumba.

Tsiku lina tinaona Braulio akudutsa kumapeto kwa njira yathu ndi alendo ake, osakhota. Doña Herlinda anati mwina waiwala china, abwerera. Madzulo ake anabwera yekha, akukanda m'khosi. Anafotokoza kuti alendo akamaliza ulendo amalemba maganizo awo pa intaneti, ndipo ambiri akudandaula kuti pamalo pano sipadya anthu a mumsika, tsabola wake ndi wozizira, zikuoneka ngati zokonzera alendo. Iwo amafuna kudya pomwe eni ake amadya. Abwana ake amuuza kuti asinthe.

"Ndiye muziwatengera kuti, mwanawe?" anafunsa Doña Herlinda.

"Kwa Doña Casilda, mayi. Kumene kumadya a ngolo kuja."

Doña Herlinda sanamukalipire. Anangomufunsa ngati wadya, iye n'kuti wadya, n'kumapita. Ine ndinkafuna kumuponyera minga yanga yonse kumaso, koma ndinaonanso kuti nayenso amangotumidwa.

M'mawa mwake ndinapeza atafika kale, akusinja tsabola ndi njere zake zonse, misozi ikutsika chifukwa cha fungo ndi ululu wa manja. Ndinawalanda mwala wosinjira n'kumaliza ndine. Anaphika memela yaikulu yopsereza m'mbali, momwe Don Fulgencio ankakondera, n'kuiphimba, n'kundituma ndikamupatse. Ndinabereka Nayeli n'kupita kuchipata cha malole. Ndinamupeza atakhala pangolo yake. Analandira mbaleyo ndi manja awiri, anafunsa za mwana, anafunsanso za manja a Doña Herlinda. Kenaka anaipereka kwa mnzake wina amene anali asanadye, n'kundiuza kuti ndikathokoze kwambiri, iye wakhuta kale. Nditamuuza kuti tsabola wabwerera mwakale, anati wamva, adzadutsa.

Ankadutsadi. Akamapita ndi katundu kwa ogulitsa nkhuku ankakweza chipewa n'kupereka moni, Doña Herlinda n'kuyankha, n'kuloza mpando. Iye ankati ntchito yachuluka. Anyamata awiri atatu a ngolo anabwerako kudzadya masiku ena, koma sanazolowerenso. Tsabola anali wowawa ngati kale, kungoti panalibe womudya. Ankasasa mumtondo, ndipo madzulo tinkamutaya.

Efraín anabwera Loweruka lina mosadziwitsa. Anaima chapatali n'kuyang'ana kwa nthawi ndithu. Pampando panali Nayeli yekha, akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Sanakangane nawo mayi ake. Anangowagwira dzanja lotupalo n'kuwauza kuti walankhula kale ndi mnyamata wa mafoni uja. Ndinkadikira kuti anenanso za bokosi zija, koma sananene. Anangofunsa kuti kunyumbako kuli malo oika chiwaya. Efraín anati adzachikoleka kuseri kwa nyumba.

Galimoto singalowe mumsika, ndiye katundu amayenera kutuluka pangolo. Tsiku losamuka, tisanaitane aliyense, tinangoona Don Fulgencio waima ndi ngolo yake. Sindikudziwa anamuuza ndani. Anakweza chiwaya, ndowa, mbaula ndi mabeseni, n'kumanga ndi chingwe mosamala ngati wanyamula mazira. Efraín anapisa m'thumba, iye n'kumuyang'ana kamodzi kokha, mnyamatayo n'kubweza dzanja. Doña Herlinda anali atasunga memela ziwiri zomaliza m'nsalu. Anamupatsa imodzi.

"Compadre, khalani pansi mudye. Mpando ndi uwu."

"Ndadya kale, comadre. Tiyeni, galimoto yaima pamalo oletsedwa."

Ulendo uno anati comadre. Koma sanakhale. Anakankha ngolo, iwo akutsatira pambuyo ndi memela yawo m'manja, mpaka anakhota pa ogulitsa nkhuku.

Mtondo anandisiyira ine, akuti kumene akupitako mpongozi wawo amagaya tsabola ndi makina. Uli pansi pa tebulo langa, ndimasungiramo mipeni. Mpando anawaza nkhuni anyamata a nkhuku, chifukwa wa mafoni sankaufuna. Iye wapachika magetsi amitundumitundu ndipo amaliza nyimbo tsiku lonse, moti Nayeli sagonanso masana.

Ndinapitako kamodzi kukawaona Doña Herlinda, ulendo wa mabasi awiri. Ndinawapeza pakhonde, atavala epuloni yamaluwa ija ngakhale sankaphika. Manja asiya kutupa. Anandifunsa za aliyense, mmodzimmodzi, kupatula compadre wawo. Kenaka anafunsa ngati kwa Doña Casilda kukudzaza. Ndinati kukudzaza. Sindinawauze kuti alendo achuluka kumeneko, kuti Casilda wayamba kuchotsa njere m'tsabola, ndiponso kuti sabata yatha ndinaona a ngolo akudya chiimire pafupi ndi malole, Don Fulgencio atatsamira khoma chifukwa cha mwendo uja.