Wotchi ya feki inandilanditsa mwana

M'chaka chimodzi ndinataya izi: mkazi wanga, ulemu wanga kwa akuchikazi, ndi miyezi isanu yokhala ndi mwana wanga. Za imfa sindinena zambiri. Ziwiri zinazo ndinaziputa ndekha.

Ndimagwira ntchito ku City Centre, komwe anthu amayamba ayang'ana nsapato zako asanakupatse moni. Tsiku lina ndinaona pa intaneti mawotchi ofanana ndendende ndi odula aja amavala mabwana. Wogulitsayo sanabise kuti ndi feki. Ndinalipira imodzi pa foni, n'kukaitenga pa kashopu kena ku Area 1.

Bodza ndinaliyambitsa ndine. Aliyense ndinkamuuza kuti ndi yeniyeni, ngakhale atsibweni a mkazi wanga, omwe ndi eni mbumba. Ndinachita kuwaonetsa pa foni mtengo wa yeniyeniyo. Anangoti, "Mkamwini, zinthu zikuyendatu." Amene ankadziwa zoona ndi mkazi wanga yekha, ndipo ankandiseka nazo.

Kenako anadwala impso. Anagonekedwa m'chipatala cha boma milungu itatu, poti mphamvu zanga zinalekezera pamenepo. Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Tsiku lometa, kwawo ku Mitundu, atsibweni aja anayankhula modekha. Anati munthu wovala galimoto pamkono walephera kuyesako chipatala cholipira, ndiye sangamusiyire mdzukulu wawo. Mwana ndi wa kuchikazi, izi mukuzidziwa. Tadala, wa zaka zinayi, anatsala kumudzi.

Inu owerenga, mawu amodzi okha akanakonza zonse pomwepo. Koma panali anthu, ndipo ine ndine wa ku koleji. Ndinabwerera m'tauni ndekha.

Patatha miyezi isanu ndinawapempha atsibweniwo kuti tikumane ku Old Town. Tinapita kwa mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. Atatsegula kumbuyo kwa wotchi yanga ija anaseka.

"Bwana, m'katimu ndi pulasitiki yekhayekha. Izi ndi zapamulu ngati tomato."

Atsibweni anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye munalolera kusiya mwana chifukwa cha manyazi?" Ndinavomera. Loweruka lomwelo anabwera naye Tadala pa minibasi, atanyamula ndi thumba la mtedza.

Lero tikukhala bwino m'kanyumba kathu ku Area 3. Ndaphunzira kumuluka tsitsi, ngakhale mizere imakhota. Atsibweni akabwera m'tauni amafikira kwathu, ndipo moni wawo ndi wakuti, "Bwana, nthawi ili bwanji?" Timaseka tonse.

Ngati mwaikonda wotchi yotere, gulani, koma nenani kuti ndi feki. Abale amakuyeza ndi zomwe wawaonetsa, ndipo tsiku la mavuto amakuyeza ndi zomwezo. Ine ndinachenjezedwa, koma ndinayesa nthabwala. Madzulo omaliza m'chipatala muja, mkazi wanga anandigwira pamkono, namwetulira. Atanena mawu awa, sanadzayankhulenso nane:

"Abambo a Tadala, vulani chiwotchi chanuchi. Atsibweni akubwera."